A Malamba ndi Thanki Yopanda Kanthu

Malita 23,000. Ndiwo amalowa m'thanki yomwe ndagula, ndipo ikakhala yopanda kanthu imalemera matani atatu okha. Muike chinthu chotere m'dzenje lomwe mwalowa madzi: madziwo amachikankhira m'mwamba ndi mphamvu ya matani 23, icho chikupondereza ndi atatu. Matani makumi awiri otsalawo ndi amene anapha bambo anga. Masamuwa ndinawerengera ndekha nditakula. Malume anga analipo tsikulo, ndipo sanafunepo kuwerengera.

Malumewo ndi achimwene awo a amayi. Kuntchito amawatcha a Malamba, chifukwa pomwe amisiri ena amamanga thanki ndi malamba achitsulo awiri, iwo amamanga ndi anayi. Kuyambira unyamata wawo akhala akukwirira matanki pansi pa malo omwetsera mafuta. Amakumba dzenje lakuya kuposa khoma la nyumba, pansi n'kuthira konkire yokhala ndi ngowe, pamwamba pake mchenga. Kireni ikatsitsa thanki, munthu amatsika kukakunga malamba pa ngowezo. Kenako amathira madzi m'thankimo kuti ilemere, n'kuikwirira. Madziwo amadzawapopa mafuta akatsala pang'ono kubwera.

Bambo anga anali mnzawo wa pantchito asanakhale mlamu wawo. Amayi amati awiriwa ankakangana tsiku ndi tsiku za amene ali ndi mkono wamphamvu, koma ankadyera mbale imodzi. Tsiku la ngoziyo thanki inatsitsidwa, koma galimoto yamadzi sinabwere. Mwini malo anati madzi mawa, lero angomanga. Malume anavomera. Masana kunagwa chimvula, madzi n'kuyamba kukhuthukira m'dzenje malamba asanakungidwe. Bambo anatsika ndi sipanala kuti akamange msanga, malume atagwira makwerero pamwamba. Thanki inanyamuka pang'onopang'ono, n'kutembenuka, n'kuwapanikiza bambo kukhoma la dzenje. Mawu sanatuluke. Ankangogogoda thankiyo ndi sipanala, ndipo thanki yopanda kanthu imamveka patali. Anthu akuthamangira zingwe, kugogodako kunapitirira, kenako kunasiya.

Kuchokera pamenepo malume sanapondenso pansi pa dzenje. Ntchito sanaisiye msanga, koma ankangoima m'mphepete n'kumaloza ndi dzanja. Eni malo anayamba kudandaula kuti akulipira mmisiri wosakhudza bauti, ndipo mmodzimmodzi anasiya kuwaitana. Malume anamanga kashedi kuseri kwa nyumba, n'kuyamba kuwotcherera mageti ndi mawindo. Kunyumba kwawoko mgolo uliwonse, ndowa iliyonse, ngakhale chigubu chakale, zimakhala zodzaza madzi mpaka pakamwa. Akazi awo amaseka kuti anakwatiwa ndi damu. Koma mvula ikayamba kuwomba malata, mayiwo amakweza wailesi osauzidwa.

Ine ndimagulitsa oyilo, mabatire ndi matayala a njinga zamoto pamphambano ina yotanganidwa. Njinga zopitirira mazana atatu zimadutsa pamenepo patsiku, ndipo pampu yapetulo yapafupi ili kutali moti ena amafika akukankha. Ndinapeza chilolezo, malo, pampu ndi thanki. Kunatsala woikwirira, ndipo mvula inali pafupi. Nditawauza amayi kuti ndikupita kwa malume, anasiya kusita n'kundiyang'ana.

"Dzenje lija linadya anthu awiri, mwanawe. Mmodzi tinamuika m'manda, winayo akuwotcherera mageti. Asiye."

Ndinapitabe. Ndinawapeza atawerama pa geti la munthu, magalasi akuda ali kumaso.

"Malume, ndapeza thanki."

"Yamadzi? Bweretsa, malo alipo."

"Yapetulo. Ndikufuna muikwirire ndinu."

"Mphwanga, ine tsopano ndine mmisiri wa pakamwa. Ukufuna kulipira pakamwa?"

"Pakamwa panu ndimapakhulupirira kuposa manja a anthu osawadziwa."

Anazimitsa makina. Kenako anavula magalasi aja.

"Galimoto yamadzi ifike kireni isanafike. Ndikapanda kuiona ndi maso angawa, ndibwerera. Ndipo iwe m'dzenje ayi. Wamva?"

"Ndamva."

Tsiku lotsitsa thanki, galimoto yamadzi inafikadi m'mamawa, dalaivala wake akung'ung'udza kuti ali ndi maulendo ena. Malume anabwera ndi anzawo akale awiri, bambo wina wamtali amene aliyense amangomuti Wamtali, ndi mnzake wosalankhulalankhula. Kireni inachedwa. Pomwe thanki imakhala pa mchenga, dzuwa linali litapendeka ndipo kum'mawa kunali kutada. Awiriwo anatsika, anakunga malamba onse anayi, n'kutuluka akupukuta manja. Malume ankangozungulira dzenje, khosi lili tolotolo.

"Lamba wachitatuyo, mbali ya kukhoma, wakunga?"

"Wakunga, a Malamba, mpaka akuimba nyimbo," anatero Wamtali.

"Sindikumuona bwino."

"Ndiye tsikani mukamupatse moni."

Palibe anaseka. Wamtali anayang'ana pansi, anakanda mutu, n'kunena kuti akukadya kaye. Mnzake anamutsatira.

Malume anakana kuti madzi athiridwe asanatsimikize za lambayo. Dalaivala anaimba hutala, n'kunena kuti akapanda kutsitsa madzi pompano akupita nawo kwina. Ndinayang'ana mitambo, ndinayang'ana galimoto. Ikachoka, thanki yanga igona yopanda kanthu, mvula ili pamutu. Malume ali mkati mokangana ndi dalaivala, ndinatola sipanala n'kutsika.

Pansipo panali pozizira, ponunkha simenti yaiwisi. Mpata wa pakati pa thanki ndi khoma unali wongokwana mapewa anga. Kumwamba kunkaoneka ngati kansalu kakang'ono kotuwa. Ndinapeza bauti wa lamba wachitatu, ndinakoka ndi mphamvu zanga zonse, sipanala n'kuterereka n'kumenya thanki. Phokosolo linayenda m'chitsulo chonse, n'kubwerera, n'kundilowa m'mano.

"Alamu! Tulukanimo, alamu!"

Ndinayang'ana m'mwamba. Malume anali atagwira mutu wa makwerero ndi manja onse, nkhope itatuwa. Amayi amanena kuti ndinatengera nkhongo ndi mapewa a bambo. Sindinkadziwa kuti munthu ataima pamwamba pa dzenje amaona zokhazo.

"Ndine, malume."

Sanamve. Makwerero anagwedezeka, dothi linandigwera m'maso, ndipo ndisanapukute anali atandigwira kolala n'kundikankhira ku makwerero. Mphamvu zimenezo sindinkadziwa kuti akadali nazo. Nditaponda sitepe yoyamba ndinatembenuka. Anali ataima chilili, msana uli kukhoma, chifuwa chitatsala pang'ono kukhudza thanki. Anayang'ana nsapato zawo zili mumchenga. Apa ndi pomwe anazindikira pomwe aima.

Ndinaganiza kuti agwa. Ankapuma ngati munthu wothamanga mtunda wautali. Kenako anatambasula dzanja osandiyang'ana.

"Sipanala."

Ndinawapatsa. Anaikoleka pa bauti uja n'kukoka. Bautiyo sanasunthe n'pang'ono pomwe: Wamtali ananena zoona. Anayenda chammbali, anayesa mabauti onse, mbali iyi ndi inayo, ndipo onse anali okunga. Atamaliza sanakwere. Anagunditsa khutu pa thanki, maso atatseka, n'kukhala choncho mpaka madontho oyamba anayamba kugwa.

"Uza wamadziyo atsegule," anatero.

Ndinakwera n'kukodola dalaivala. Madzi anayamba kulowa ndi mkokomo waukulu, ndipo pamene ankakwera mkokomowo unkachepa, mpaka unangotsala ngati munthu akumeza. Malume anatuluka thanki itapitirira theka. Anakhala pa mulu wa mchenga, mvula ikuwanyowetsa, atagwira ndi manja awiri kapu ya tiyi yomwe Wamtali anawabweretsera.

"Mwamupatsa moni lamba uja?" anafunsa Wamtali motsitsa mawu.

"Ndamupatsa. Akuti ntchito umaitha, koma pakamwa pako pafunika bauti."

Wamtali anaseka kuposa momwe nthabwalayo imayenera. Ine ndinakhala pambali pa malume, n'kudikira kuti andikalipire. Sanandikalipire.

"Mumakumvabe kugogoda kuja, malume?"

"Nthawi zina."

"Nanga muja munagunditsa khutu?"

Anamwa tiyi, n'kuyang'ana dzenje.

"Amayi ako usawauze kuti unatsika. Za ine ukhoza kuwauza."

Mvula inagwa mpaka madzulo, madzi anadikha pansi pa dzenje, koma thanki sinasunthe. Malume anakana kuchoka mpaka dalaivala atatseka chivindikiro, ndipo ali pa njinga yopita kwawo anacheukabe mpaka anakhota.

Mawa kukubwera malole awiri a mchenga, tikwirira mpaka pamsana pa thanki. Lolemba tiyala mapaipi opita ku pampu. Thanki ya dizilo ndidzagula mvula ikatha, ndipo malume anena kuti ndidzawauze kukadali nthawi kuti adzayeze okha dzenje lake.