Tsiku Limene a Furuya Anakhala Kumanzere

Ku Katsunuma kuno mukafunsa munthu wodziwa vinyo, akulozerani a Furuya a takisi aja. Koma vinyoyo mkuluyu sankamulawa n'komwe. Akanalawa bwanji chiwongolero chili m'manja? Kuyambira unyamata mpaka imvi mbuu, ntchito yawo inali kuzunguza alendo a ku Tokyo m'nyumba zofululira vinyo, n'kukawatula pasiteshoni akuyimba. Kunyumba ankangomwa tiyi, ati mawa ndilawirira.

Ulendo ankaukonza ngati ukwati. "Muyambe ndi woyera lilime likadali bwino. Masana mudye zotentha, m'mimba musakhale pululu. Wofiira ndi womalizira." Nzeru zonsezi anazitola m'kamwa mwa alendo a pampando wakumbuyo.

Ndiye maso anayamba kuchita chifunga. Dokotala sanapsatire mawu: zoyendetsa galimoto basi, ndipo chaka chamawa mwina ndi nkhope ya munthu yomwe sadzaizindikira. A Furuya anakabweza chiphaso chawo, n'kumangokhala pakhonde ngati nkhuku yonyowa. Kunena zoona, ankamvetsa chisoni.

Tsiku lina anadzuka ndi maganizo. Mphesa zisanadulidwe, maso asanatheretu, ayende ulendo wawo womwe uja, koma wolawa akhale iwo. Anaukonza bwinobwino, nyumba ndi nyumba. Nanga awayendetse ndani? Kukwera takisi ya mnzawo, manyazi.

"Ndikuyendetsani ine," anatero akazi awo, a Kinuyo, omwe moyo wawo wonse agwira ganyu m'minda ya mphesa.

"Inu mayi? Pa kagalimoto ka kumunda kaja?"

"Kali ndi matayala anayi. Mumafuna angati?"

"Komatu woyendetsa salawa." Apa a Furuya ankadziwa pogunda, chifukwa pa ukwati ndi pamaliro pomwe, a Kinuyo ndiwo ankamwa kapu ya amuna awo.

"Ndakumwerani zaka zonsezi, bambo. Lero mundimwereko."

Ananyamuka m'mawa, kagalimoto kakukwawa. A Furuya, atakhala kumanzere koyamba, ankangoponda buleki yomwe palibe, uku akudandaula. Atatopa nazo anacheukira pawindo. M'munda monse munali timadontho toyera, tambirimbiri, kukwera phiri.

"Choyera chonsechi n'chiyani?"

"Aa! Si zipewa izi?"

Zipewazo ankazidziwa. Phava lililonse la mphesa amaliveka kachipewa ka pepala kuti mvula isaliwoletse. Iwo omwe ankafotokozera alendo zimenezi tsiku ndi tsiku, maso ali pamsewu.

"Taimani."

Anatsika, nalowa pansi pa mpesa, nkhope kuiyandikiza pafupi kuti aone. Kachipewa kalikonse kanali kopindidwa ndi zala, kokhala bwino.

"Mzere uwu ndinaveka ine," anatero a Kinuyo. "Khosi lija ndimalira nalo madzulo ndi limeneli."

A Furuya anakhudza kachipewa kamodzi ndi chala. Anachita manyazi, komanso mtima unawawa. Akazi awo anatulutsa botolo lalikulu la vinyo uja alimi amamwa, nawathirira m'kapu ya tiyi monga timachitira kuno. Iwo anadzithirira tiyi weniweni.

"Ali bwanji?"

"Wowawasa."

"Ndiye mwakhala mukunamiza alendo! Tiyeni, tichedwa. Nyumba zanu zija zitsekedwa."

"Zitsekedwe. Vinyo ndidzamwa ngakhale mumdima." Anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya. "Mzere winawo ndi wanunso?"

"Ndi wanga."

"Ndigwireni dzanja, mayi. Mundionetse yonse."