Wahabu ndi Chigayo cha Amayi a Kudambo

Wahabu wa ku Chiringa anayamba ndi njinga ya kabaza. Anapalasa zaka zambiri, kunyamula anthu ndi madengu a matemba kuchokera ku nyanja ya Chilwa, mpaka mawondo anayamba kudandaula. Atagula pikapu yakale yokoka ndi matayala onse anayi, anzake anati wagula chiphapha. Iye anangoseka n'kuitcha Nalimata, poti pamatope inkakakamira ngati kabuluzi pakhoma.

Kabaza anamuphunzitsa chinthu chimodzi: katundu akalemera kumbuyo, kutsogolo kumadzuka. N'chifukwa chake m'galimoto mwake simunkasowa ndodo yansungwi yolembedwa mizere ndi mpeni. Asanapakire, ankaiimika pambali pa tayala lililonse, kuyeza kuchokera pansi mpaka pamadigadi, chitsulo chophimba tayalalo. Akapakira ankayezanso, kuti aone mmene galimoto yatsikira.

Chaka chatha, mvula itangokata, kunabwera mayi Belita, wapampando wa gulu la amayi olima mpunga kudambo. Gululo linali litagula chigayo chopunthira mpunga, koma dalaivala wa lole anachitsitsira pa Chiringa, atakana kulowa msewu wakudambowo.

"Achimwene a Wahabu, ife mtondo watimaliza manja," anatero mayiwo. "Chigayochi chikagone kwathu lero."

Wahabu anachiyang'ana chigayocho. Chilemerere chotere anali asanakokepo, ndipo msika wonse unali maso pa iye. Anathamanga kukabwereka ngolo yamatayala awiri, amuna apamsika n'kukwezamo chigayo ndi injini yake. Atangoimanga ngoloyo kumbuyo kwa pikapu, Nalimata anakhala pansi ngati nkhuku yofungatira mazira, mphuno kumwamba.

Wahabu anayeza. Kumbuyo kunali kutatsika kuposa chikhatho, kutsogolo kutakwera.

"Zili bwanji, achimwene?" anafunsa mayi Belita.

"Tikanyamuka chonchi, mayi, chiwongolero chipepuka, ndipo pamtsinje paja tikagunda mwala ndi mimba. Chigayo chibwerere m'mbuyo, chikhale pamwamba penipeni pa matayala a ngolo. Injini ikwere m'pikapu, kuseri kwa mpando wangawu."

Amayi a gululo, amene anabwera ndi mayi Belita, sanadikire amuna. Anamanga zitenje m'chiuno, wina anayambitsa nyimbo, ndipo chigayo chinayamba kukhwekhwereka pang'onopang'ono. Wahabu ankangozungulira ndi ndodo yake, thukuta kamukamu, uku akufuula, "Pang'ono! Pang'ononso! Basi, pomwepo!" Atayeza, anadumpha ngati mwana.

"Wadzuka Nalimata! Tiyeni!"

Mawu akuti tiyeniwo ndiwo analakwika. Amayi onse anakhamukira m'pikapu, galimoto n'kukhalanso pansi. Msika wonse unafa nacho chiseko. Mayi Belita anatsitsa onse amene anabwera panjinga, kusiya achikulire okha, ndipo ulendo unayambika, njinga zikuliza mabelu pambuyo.

Atafika pamtsinje, Wahabu anaima. Anavula nsapato, n'kulowa m'madzi akufufuza ndi ndodo pamene panali mwala uja. Anaupeza, anauyeza, ndipo anaona kuti galimoto idutsa, koma mpata wake unali wa zala zochepa chabe. Anabwerera, anatchula dzina la Mulungu chapansipansi, n'kuika giya yamphamvu.

Nalimata analowa akubangula. Madzi anafika pazitseko, ngolo inapendekeka, mayi wina anakuwa. Pansi panamveka khwee! Koma Wahabu phazi sanalichotse, anapondabe moto. Anali matope chabe, osati mwala. Matayala akutsogolo anagwira gombe, galimoto inakwera, ngolo n'kutsatira ikudontha madzi.

Nthungululu zake! Anthu anatuluka m'minda ya mpunga zikwakwa zili m'manja, kuthamangira kumsewu. Polowa m'mudzi, amayi anayala zitenje pansi kuti matayala amatopewo apondepo. Wahabu anayesa kukana, koma ndani akanamumvera? Anayendetsa akuseka, misozi ili m'maso.

Tsikulo anayenera kubwerera msanga kukanyamula nandolo, koma miyendo inakana. Anakhala mpaka mmisiri anamanga injini n'kuiliza. Mpunga woyera utayamba kutsika, mayi Belita anatapa ndi manja awiri n'kumuthira m'chipewa.

"Woyamba ndi wanu, achimwene. Mukawapatse alamu athu aphike."

Mkazi wake Katija anauphika ndi chambo chouma, ndipo atalawa anati mpunga wotere sungasowe ogula. Lero ali ndi benchi yake yogulitsirapo mpunga pamsika wa Chiringa, ndipo tsiku la msika likayandikira amadzutsa yekha Wahabu kuti apite kudambo kukatenga matumba.