Injini Imene Ndinagulitsitsa

Nzeru yogulitsa injini inali yanga, ndipo mpaka lero sindikana. Amuna anga anali asodzi a utaka ku chilumba cha Mbenji. Chilumbacho amachitseka nthawi ya mvula kuti nsomba ziswane, ndiye boti limangokhala pamchenga miyezi ingapo. Injini ya boti lathu inali yotheratu, yotsokomola ngati nkhalamba yosuta chingambwe. Ndinawauza kuti tiigulitse akangotseka, ndalamazo ndisunge ine, tiwonjezere za geni yanga ya mpunga, tidzagule yatsopano potsegulira. Ndinkadzitama kuti mwa akazi onse a pagombe paja, wamutu ndine.

Zinali zaka zoyamba za matipate. Pa wailesi ankanena kuti boma likukonzanso chuma, ndipo maiko otithandiza akufuna kwacha izipeza yokha mtengo wake. Ine ndinkangoti ndi nkhani za ku Lilongwe zimenezo. Ndalama zathu zinali m'chitini kunsi kwa bedi, ndipo sindinkaona nduna imene ingazifikire m'menemo. Sopo anakwera, shuga anakwera, palafini ndiye osanena. Ndinkadandaula ngati wina aliyense, koma za injini sizinandifike m'mutu. Nkhawa yanga inali chiswe basi.

Kutatsala sabata kuti atsegule chilumba, amuna anga anakwera basi kukagula injini ku Lilongwe. Anabwerako chimanjamanja, ndalama zili momwe ndinazimangira.

"Mayi a ana, akuti izi n'zogulira theka la injini. Zakunja zonse zakwera."

Tinali ndi ana anayi, munda tinalibe. Mawa lake ndinapita ndekha kwa bambo amene anagula injini yakale ija, ndinagwada, ndinawapempha kuti atibwezere pamtengo womwewo. Anandimvera mpaka kumaliza.

"Amayi, wallahi chisoni ndili nacho," anatero. "Koma ndikakubwezerani, ineyo ndalama zimenezi ndikagula nazo chiyani?"

Ndinalira njira yonse, osasamala kuti anthu akundiona.

Tsiku lotsegulira, boti lathu linatsala pansi pa mtengo. Amuna anga, amene chaka chilichonse ankalemba anthu ganyu, anakaima pagulu la ofuna ganyu yokoka ukonde wa chilimira m'maboti a anzawo. Akazi sitiloledwa pachilumba, choncho ndinangowaperekeza ndi kathumba ka ufa. Ndinkalakalaka atandikalipira, ngakhale pamaso pa anthu. Iwo anangolandira kathumbako n'kundifunsa ngati ndawaikiramo mchere.