Tsiku Limene Khadi Langa Linasambira

Mboni zanga ndi zitatu, ndipo ndizitchuliretu ndisanayambe. Yoyamba ndi mkulu wa mpingo wa kwathu ku Mvera, munthu amene sananamepo chibadwire, koma anamwalira. Yachiwiri ndi mayi amene ankagulitsa zitumbuwa pamphambano yopita ku Dowa. Iwo alipo, kungoti sindidziwa kumene anasamukira. Yachitatu ndi mlamu wanga. Ameneyo mukhoza kumufunsa, koma musamukhulupirire kwambiri.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa kupulayimale. Kusekondale yoyandikana nafe kunabwera mphunzitsi wachizungu, wamtali ngati bulugama, amene anati kwawo kuli mpikisano wa zinthu zitatu: kusambira, kupalasa njinga, kenako kuthamanga, zonse osapuma. Anati tiuyese. Anthu anangoyang'anana. Munthu wophunzira kuwoloka madzi, kupalasa ndi kuthamanga tsiku limodzi, akukonzekera kuthawira kuti? Tinalembetsa anthu asanu ndi mmodzi, ndipo aliyense ankakhulupirira kuti mwa asanu enawo muli kazitape. Ine ndinalowa chifukwa ndinakulira m'mbali mwa Bua. Anzangawo madzi ankawadziwira m'beseni.

Vuto linali khadi la chipani. Njira yathu inkadutsa pamsika, ndipo tsikulo linali la msika, pamene anyamata a malaya ofiira ankamanga chingwe pamsewu n'kumafunsa khadi kwa aliyense. Kulisiya panjinga pamene ndikusambira sindinafune. Khadi limakhala ndi dzina lako, ndipo wina akhoza kuliba n'kukaligwetsa pamalo oipa. Mlamu wanga, amene sankapikisana nawo koma ankadziwa zonse, anandipatsa kapulasitiki ka shuga.

"Kulungani umu, alamu, muike m'chipewa. Simungalowe ngakhale dontho."

"Munakayesa?"

"Aa, ine ndingakupheni inu? Mlongo wanga adya chiyani?"

Unali mwezi wa Julaye, mwera uli pachimake. M'mawa umenewo mphepo inanyamula nkhuku ku Ntchisi n'kudzaitsitsa pabwalo la sukulu yathu, ndipo inaikira dzira isanadziwe kuti yasamuka. Dziralo ndinaliona ndi maso angawa. Madzi a padamu pamene tinkayambira mpikisanowo anazizira moti achule onse anali kumtunda, akutiyang'ana mwachisoni. Tinadumphiramo. Awiri anabwerera madzi atangowafika m'chiuno. Ine ndinawoloka woyamba, chipewa chili kumutu, ngakhale mafunde anachimiza kawiri.

Panjinga ndiye panali ntchito. Zitunda za ku Dowa sizitha, ukamaliza chimodzi umapeza mkulu wake akukudikira. Pachitunda china mphepo inkandibweza m'mbuyo, moti mbuzi imodzi ndinaipitirira katatu. Kachitatuko inasiya kudya n'kundiyang'anitsitsa ngati ikufuna kukandinenera. Sindikuwonjezera.

Pamphambano m'pamene tinkasiya njinga kuti tiyambe kuthamanga. Ndinavula chipewa kuti khadi likhale pafupi, poti msika unali patsogolo. Kapulasitiki kaja kanali ndi kabowo pakona, kozungulira bwino ngati kobooledwa ndi singano. Khadi linali phala. Pakhadipo pankakhala nkhope ya mkulu uja amene sitinkamutchula tisanacheuke, ndipo tsopano diso lake limodzi linali litatsikira kuchibwano.

Kusowa khadi unali mlandu wa makofi angapo. Koma kuwononga nkhope ija unali mlandu wokwera nawo galimoto osatsanzika. Kulitaya m'tchire sindikanatha, dzina langa linkawerengekabe. Ndinalikulunga, n'kuliponya m'kamwa, n'kumeza. Linkakoma shuga pang'ono. Nditatukula maso ndinapeza mayi wa zitumbuwa akundiyang'ana.

"Njala, aphunzitsi?"

"Njala, mayi."

Sanaseke. Anangotembenuza chitumbuwa m'mafuta.

Pamsika chingwe ndinachilumpha. "Aphunzitsi, khadi! Imani!" Anyamata anayi anandithamangira, ndipo kuyambira pamenepo sindinamvenso mphepo kapena chitunda. Mzungu uja anadzanena kuti liwiro lotero sanalionepo ngakhale kwawo. Iye ankayesa kuti anyamatawo akundichemerera.

Ndinafika woyamba pabwalo la sekondale, anyamata aja n'kukhala achiwiri mpaka achisanu. A tcheyamani a chipani m'dera lathu ndiwo anali mlendo wolemekezeka, ndipo m'manja mwawo munali envelopu ya mphotho, makwacha khumi. Anyamata anawanong'oneza.

"Aphunzitsi, khadi lili kuti?"

"Lapita ndi mphepo, bwana."

"Chipewa chili kumutu."

"Mwera wa chaka chino ngosankha, bwana."

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi, maso awo n'kuima pamimba panga nthawi yaitali ndithu. Kenako anapinda envelopu ija n'kuiika m'thumba la jekete.

"Iyi ndisunga. Tikafufuza bwinobwino, mudzailandira. Mukapanda kuilandira, mudzadziwanso."

Masabata asanu ndi awiri ndinakhala ndikudikira kuti chibwere n'chiyani, envelopu kapena galimoto. Ndikamva injini ndili m'kalasi, choko chinkathyoka chokha. Zitumbuwa ndinkagula tsiku lililonse, zisanu zisanu, kuti mayi aja asandiiwale pa zabwino, mpaka mathalauza anayamba kundithina. Iwo ankangoti, "Njala ija sinathebe?" Mlamu wanga ankabwera kudzacheza kawirikawiri kuposa kale, n'kumafunsa ngati m'mimba muli bwino. Ine sindinamuuzepo kanthu za m'mimba.

Mkazi wanga anali ndi pakati pa miyezi iwiri, ndipo tinali tisanauze munthu, ngakhale amayi ake. Anandisokera kathumba ka zovala n'kukaika kuseri kwa chitseko, kuti akadzabwera kudzanditenga ndisadzapite chimanjamanja.

Loweruka lina masana tikusenda mtedza pakhonde, mlamu wanga anatulukira akupalasa njinga mosathamanga. Anatsika, anapereka moni wautali, anafunsa za nkhuku, kenako anatulutsa envelopu yopindika pakati.

"A tcheyamani akuti nkhani yatha, alamu. Akuti muzisamala ndi mphepo."

"Nanga apatsira inu bwanji?"

"Tinangokumana panjira."

Ndinaitsegula. Munali ndalama zanga, zoperewera pang'ono, ndi makhadi atatu atsopano amene anadula mtengo wake pamphothopo. Loyamba linali langa. Lachiwiri la mkazi wanga. Lachitatu, pamzere wa dzina, analembapo kuti "Wobwera".