Sanda ya Achimwene Inali Mgalimoto Mwanga

Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma za galimoto musandiuze. Lole ndayendetsa pa msewu wa Makanjira kuyambira ndilibe ndevu mpaka maso atayamba kuchita chifunga. Ndiye mwana wanga wa ku Joni atanditumizira galimoto ya magetsi, ija yoyenda ndi batire popanda dontho la petulo, sindinafunse munthu kayendetsedwe kake. Iye anangondichenjeza chimodzi pa foni: "Ababa, mawaya ofiirira a pansiwo musadzawagwire, amapha."

Tsiku lina uthenga unandipeza mmawa kuti achimwene anga aakulu atisiya ku Makanjira. Ife Asilamu maliro sitigoneka. Anati aika ikangotha swala ya masana. Ndinakalipa pa foni kuti sanda, nsalu yoyera yokulunga thupi, asagule wina aliyense. Munthu anandilera yekha uja akagone mu nsalu ya mnzake ine ndilipo? Ndinagula pa msika wa pa boma, akazi anga nkuifungata pa miyendo, ulendo.

Titapitirira Malindi, msewu uli magidigidi, ndinaponda moto pa kachitunda. Galimoto yonse inanjenjemera ngati chigayo. Chiwongolero chinafuna kundipulumuka, pansi pakumveka gu! gu! gu! Ndikachotsa phazi, zii. Ndikaponda, yayambanso.

"Abambo, imani! Batire ija iphulika!" anakuwa akazi anga.

"Khalani chete amayi, ndikumvetsera."

Kunena zoona mtima unali mmwamba. Lole ikadwala imatsokomola, imatulutsa utsi, umadziwa pogwira. Iyi ilibe mawu, ilibe fungo. Foni nayo netiweki inalibe.

Tinakwawa mpaka pa kamsika kena pomwe pali makaniko wokonza njinga zamoto. Anaizungulira manja ali kumbuyo.

"Ambuje, awa ndi matayala. Apindika."

"Matayala ati? Tayala likapindika limavina nthawi zonse, pa mtsetse pomwe. Iyi ikuvina ndikaponda basi. Chilipo chamasuka pomwe mphamvu ikutulukira. Lowa pansi uone."

"Ine? Pansi pa magetsi? Ambuje, ndili ndi ana aang'ono."

"Ndiye ine ndilibe?"

"Anu anakula, akutumiza magalimoto."

Anthu anaseka. Ine sindinaseke. Ndinayang'ana chithunzithunzi changa, chinali chitayamba kulowa kumapazi. Ku Makanjira anali atamaliza kusambitsa thupi, akungoyang'ana kumsewu.

Akazi anga anandikokera pambali. "Tumizani nsaluyi pa njinga yamoto, itsogole."

Zinandiwawa ngati andimenya mbama. Ndinkafuna kuipereka ndi manja angawa. Koma thupi likhale pa mphasa kudikira matama anga? Ndinaitana wakabaza, bambo wamkulu ndithu, ndinamumangirira sanda kumsana ndekha, nkumuuza kuti ikakhudza fumbi asadzaonekenso pa boma.

Kenako ndinazimitsa galimoto, makiyi ndinapatsa akazi anga kuti akaime nawo patali. Tinaikweza ndi jeke, nkutsamiritsa pa zitsa. Ndinati Bisimila, ndinalowa chagada, mkanjo wanga woyera uli mthupi.

Mawaya ofiirira aja anali pamwamba pa mphuno yanga penipeni, onenepa ngati chala chachikulu. Manja ndinawapanikiza pa chifuwa. Thukuta linkalowa mmaso koma kupukuta ndinkaopa. Ndinayamba ndi mashafiti opita ku matayala: mphira zake zinali zonse, girisi sanatayike. Ndinasuntha ndi msana pang'onopang'ono mpaka pa mota. Mota imakhala pa timiyendo ta chitsulo tokhala ndi mphira, monga injini ya lole. Kamwendo kamodzi kanali ndi bowo lopanda kanthu, mmbali mwake chitsulo chikuwala chifukwa chokhulana. Bawuti inathothoka ndi magidigidi aja. Ndiye ndikaponda, mota inkadumpha nkumenya.

"Bawuti!" ndinakuwa. "Yaitali ngati chala chapakati!"

Makaniko anakhuthula chidebe chake pansi. Yoyamba inali yowonda. Yachiwiri mazinga ake sanagwirizane. Ndinkatukwana ndili pansipo, akazi anga akundikumbutsa kuti tili pa maliro. Ina anakaimasula ku chigayo chakufa kuseri kwa sitolo, ndiyo inalowa. Koma bowo silinkalunjika, mota inali itatsamira mbali. Panafunika wina aikankhe ndi mpini wa khasu ine ndikupotokola bawutiyo. Makaniko anaima kaye, nkuvula wotchi, anagwada.

"Ambuje, ndikafa mukalere ana anga."

"Kankha iwe, mpini ndi mtengo!"

Sipanala inkadutsa pafupi ndi waya moti ndinkapotokola mpweya nditaugwira. Inamanga.

Pa chitunda chotsatira ndinaponda mwamantha, kenako mwamphamvu. Zii, ngati bwato pa madzi odekha. Ndinathamanga momwe msewu unandilolera.

Pakhomo pa achimwene tinapeza azimayi okhaokha. Ndinasiya galimoto chitseko chili pululu, ndinathamanga ndi miyendo yanga yokalambayi kulowera kumanda. Jeneza, chithatha chonyamulira maliro, inali itatsitsidwa kale paphewa, Ashehe ataima pamutu pa dzenje. Amuna anatembenuka kuona nkhalamba ya mkanjo wakuda ndi girisi ikuwefuka.

"Dikirani! Mng'ono wake ndine!"

Anapatuka. Ndinatsikira mdzenje, ndinatambasula manja akudawo, ndipo achimwene, ali mu sanda yanga ija, ndinawalandira ndekha.