Chaka Chimene Dokotala Anandipeza ndi Nkhanu

Chotupacho ndinachidziwa chifukwa cha lamba wa dengu. Masiku amenewo ndinkathyola tiyi pa esiteti ina kufupi ndi kwa Changata, ndipo dengu tinkalibereka kumsana, lamba n'kudutsa pachifuwa. Tsiku lina lambayo anakanikiza bere lamanzere, ine n'kudumpha ngati ndaponda khala lamoto. Nditagwirapo ndinapeza kanthu kolimba ngati njere ya kalongonda. Sindinauze munthu. Pomwe mvula imatha, kanthu kaja kanali katakula ngati dzira la nkhuku, ndipo amuna anga anakazindikira okha.

Amuna anga anali abwino mtima koma opupuluma. Ankatema nkhuni za ku fakitale, ndipo kukhala pansi kuganiza kunkawapweteka msana. Anathamangira kwa amalume, eni mbumba yathu. Amalume anati nkhaniyi ndi ya mizimu, koma panali vuto. Mizimu yathu inatsala kutsidya kwa mtsinje wa Ruo, m'dziko la Apwitikizi, kumene makolo athu anachokera.

"Tinachoka mothamanga, sitinaiuze kumene tikupita," anatero amalume.

Anathirabe nsembe ya ufa patsinde pa mtengo, atayang'ana kum'mawa, akufuula m'Chilomwe kuti mwina mawu awoloka. Ufawo unadyedwa ndi nkhuku za amalume omwewo.

Amene ananditumiza ku chipatala cha mishoni ndi akapitawo otiyang'anira kumunda wa tiyi, ataona kuti ndikuthyola ndi dzanja limodzi. Dokotala wa kumeneko anali mzungu wamtali, wofiira khosi, ndipo Chinyanja chake chinali cha m'buku. Anagwira chotupa chija, anagwiranso m'khwapa.

"Mayi, nthenda iyi kwathu timaitcha khansa," anatero. "Dzina limeneli kumasulira kwake ndi nkhanu."

"Nkhanu?" amuna anga anaimirira. "Yalowera pati?"

Dokotala anayesa kufotokoza kuti ndi dzina chabe, koma amuna anga anali atatseka kale makutu. Ine ndinamva zotsalazo. Anati bere lonse liyenera kuchotsedwa, ndipo ngakhale atatero, nthendayo ikhoza kubweranso n'kunditenga. Mawu oti imfa safuna womasulira. Anatiuza kuti tibwerenso sabata yotsatira.

Panjira yonse amuna anga ankangonena za kumtsinje. "Ndinkakuuzani ine, musamasambe pamiyala paja!" Sanandiuzepo chinthu chotero chikwatirane.

M'mawa mwake anapha nkhuku, namanga matumbo ake kuchingwe. Anandigoneka pamphasa pakhonde, dzuwa likuswa mtengo, iwo n'kugwada pambali, chingwe chikulendewera pamwamba pa bere langa, dzanja linalo litagwira mphika woti avindikirire nkhanuyo ikatuluka. Anthu a m'mudzi anasonkhana, aliyense ndi nzeru zake. Mayi wina anati nkhanu imatuluka ikamva madzi, choncho anamuika kumutu kwanga kuti azikhuthula madzi kuchoka mumtsuko wina kupita mu wina. Bambo wina anati tonse tikhale chete chifukwa nkhanu ndi yamanyazi. Tinakhaladi chete, mudzi wonse. Zinabwera ntchentche. Kenaka anabwera galu, anadumpha pamimba panga, n'kuthawa ndi matumbo ndi chingwe chomwe, amuna anga ali pambuyo ndi mphika.

Ndinaseka mpaka chotupa chinayamba kubaya. Ndiye mwana wanga wamkazi, amene anali atangoyamba kuyenda, anabwera n'kudzakhala pamphasa kufuna kuyamwa. Kuseka kuja kunasanduka kulira, ndipo aka kanali koyamba kulira chimvereni mawu a dokotala.

Nditabwerera kuchipatala anandigoneka pafupi ndi mayi wina wa ku Masambanjati, wogulitsa nthochi. Iyeyo nthenda yomweyi inali m'mimba, ndipo dokotala anali atamuuza kuti mpeni sungathandizenso. Anali atawonda ngati bango, koma pakamwa pokha sipanadwale. Anali Mkhristu. Ankaimba nyimbo za kutchalitchi ndi mawu onga chitseko chouma, ndipo ankapemphera mokweza ngati akukangana ndi wogula.

"Ambuye, phala la lero lilibe mchere. Ndikudziwa muli ndi zambiri zochita, koma mwaona nokha. Ndiponso mayi watsopanoyu akuopa. Mumuyang'ane."

"Ndani wakuuzani kuti ndikuopa?" ndinafunsa.

"Bedi lanu likugwedezeka, mayi. Langali likumva."

Ndinamufunsa ngati Mulungu wakeyo sapsa mtima kumuuza za mchere. Iye anati kwa akapitawo sungadandaule za mchere, kwa bwana wa esiteti sungafike n'komwe, koma kwa atate ako umanena zonse. Ndinafunsanso ngati Mulungu wakeyo amawoloka mitsinje, poti mizimu yathu ija inalephera. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwana wake anayenda pamwamba pa nyanja, osanyowa ndi chidendene chomwe. Ruo ndi chiyani?"

Anandiuzanso za kumwamba, kuti kumakhala koyera mbee, anthu ovala zoyera, ndi angelo oimba mokoma. Ndinamvetsera mwaulemu chabe, monga momwe umamvera mlendo akutama kwawo.

Tsiku la mpeni anandiika kansalu konunkha pamphuno, ndipo dziko linazungulira n'kuzima. Nditatsegula maso ndinaona denga loyera, khoma loyera, ndi munthu wovala zoyera atandiweramira. Ndinati basi, ndafika, ndipo andilola kulowa osandifunsa kanthu. Ndinamufunsa mngeloyo monong'ona ngati kuno kulinso akapitawo. Anati kulibe. Ndinamva mtendere waukulu. Kenaka nyimbo inayamba, ndipo mtima wanga unagwa. Ndinaganiza kuti ngati angelo amaimba chonchi, ndiye muyaya utalika. Nditatembenuza mutu ndinaona mnzanga wa nthochi uja, atatsamira khoma, akuimba ndi mphamvu zake zonse zotsala. Mngelo uja anali namwino wa kwa Nsabwe, ndipo nkhani ya akapitawo anaifalitsa chipatala chonse.

Ululu utabwera, unabwera ndi abale ake. Masana ena, nditalephera kugona ndi kukhala komwe, ndinaganiza zoyesa kupemphera. Sindinadziwe poyambira, choncho ndinachita monga timachitira pakhomo pa munthu wamkulu. Ndinawomba m'manja pang'ono, mmene chilonda chikanandilolera.

"Odi kuno. Pepani, simukundidziwa. Ndine wa bedi ili."

"Akukudziwani!" anakuwa mnzanga uja. "Nenani zimene mwadzera!"

Ndinanena. Ndinati ndili ndi mwana wamng'ono, ndipo bambo ake ndi munthu woti akhoza kumudyetsa nkhuni. Ndinati ndikuopa kufa. Sindinamve mawu aliwonse oyankha, ndipo chilonda sichinasiye kuwawa. Koma ndinamva ngati mmene zimakhalira ukafika pasikelo yoyezera tiyi, munthu n'kukutula dengu. Tsiku limenelo ndinagona tulo.

Mnzangayo anamwalira ine ndisanatuluke. M'mawa wa tsikulo anandiitana, nandiuza kuti ndikapite ku kalasi ya ubatizo, ndipo nyimbo zake wandisiyira ine poti alibe mwana. Ndinalonjeza za kalasi. Za nyimbozo ndinangoti ndamva. Madzulo bedi lake linali lopanda munthu, ndipo chipinda chinakhala chete moti ndinayamba kuimba ndekha, moipa kuposa iye.

Ku kalasi ndinali wophunzira wovuta. Aphunzitsi atatiuza za Nowa, ndinafunsa amene ankakolopa m'chombomo. Atanena za Yona, amuna anga, amene ankandiperekeza n'kumakhala panja pa zenera, analowetsa mutu.

"Mwamva? Ngati munthu analowa m'nsomba, chingaletse nkhanu kulowa mwa munthu n'chiyani?"

Aphunzitsi anawauza kuti ngati ali ndi mafunso alowe akhale pabenchi. Analowa kuti akatsutse, ndipo anakhalitsa.

Ubatizo utayandikira, ndinasoketsa bulauzi yoyera, yoyamba m'moyo wanga. Nditaiyesa, mbali imodzi inagwa ngati thumba lopanda kanthu. Ine sizinandivute kwambiri, koma amuna anga anaona nkhope yanga. Anapita kumunda, nabwera ndi chipanda chouma. Anachidula pakati, anachipala bwinobwino, anachiyeza ndi bere lotsalalo ngati mmisiri, n'kuchimangira ndi luzi. Kunena zoona chinakhala bwino kuposa lenileni.

Tsikulo tchalitchi chinadzaza. Abusa atandiitana ndinapita kutsogolo, ndinagwada, ndinaweramitsa mutu kuti andithire madzi. Luzi linaduka. Chipanda chinatulukira pansi pa bulauzi, chinagwa pa njerwa kuti gobede, n'kugubuduka mozungulira mpaka kukaima pa nsapato ya abusa. Abusa anachitola, anachitembenuza, nayang'ana mpingo.

"Ichi n'cha ndani?"

"Ndi bere langa, abusa," ndinayankha.

Amayi a kumbuyo anayamba kuseka, abambo n'kutsatira, ndipo abusa anayesa kudzigwira koma mapewa anawaulula. Anandibatiza misozi ikutsika, dzanja limodzi lili pamutu panga, linalo litagwirabe chipanda, poti anasowa pochiika. Amalume, amene anabwera kudzangoonerera, anati mpingo wotere akanaudziwa kale sakanataya ufa wawo.

Sindinachivalenso. Ndinabwerera kumunda wa tiyi ndi mbali imodzi, ndipo dengu ndinaphunzira kulibereka mopendeka. Dokotala ankandigwira m'khwapa chaka ndi chaka, osalonjeza kanthu, mpaka anabwerera kwawo. Mwana wanga uja ndinamuona akukula, ndinamuvinira pa ukwati wake, ndipo ndi iye amene anandiphunzitsa kugwira pensulo. Amuna anga anabatizidwa patapita zaka, koma anakakamira kuti madzi ake atungidwe pachitsime iwo akuona, osati kumtsinje kokhala nkhanu.