Ndinamukana Galu Wanga pa Migowi

Ine sindiopa munthu, Nkhulambe yonse imawadziwa mawu anga. Koma chaka chomwe tinayamba kuvotera zipani zambiri, nditagulitsa nandolo pa Migowi, ndinalowa mu lesitilanti. Galu wanga Bulaki, amene anathamangira njinga yanga kuchokera kumudzi, anadzagona pamapazi panga. Pambali pankadya mabwana amataye.

Mayi wogulitsa anafunsa, "Agogo, galuyu ndi wanu?"

Ndinakuwa kuti mabwanawo amve: "Ine, galu wa nkhupakupa ameneyu? Mthireni madzi!"

Anamuthiradi, otentha. Bulaki anandiyang'ana kamodzi, n'kutuluka. Akazi anga ndinawanamiza kuti wasochera pamsika. Galuyo sanabwerenso.

Mpaka lero ndikamadya nyama, dzanja limaponya lokha fupa pansi, koma palibe wolitola.